Nkhuni zaziwisi m'nyengo yozizira

Nachisale, Ulónguè: Abale, Juni wafika ndi chisanu chake kuno ku Angónia, koma nkhuni zanga ndi bulugamu wodula mwezi wathawu. Ndikasonkha m'chitofu, utsi tolo, moto wofooka, ana akungotsokomola. Nditani?

Malume a ku Tsangano: Mayi, nkhuni yaiwisi imayamba yaphwetsa madzi ake, kutentha kumathera pomwepo. Ziwazeni zing'onozing'ono, muziyanike padzuwa pa tsanja, osati pansi. Poyatsa yambani ndi zitsononkho zouma.

Mmisiri wa ku Furancungo: Onaninso paipi ya utsi. Zaziwisi zimasiya phula lakuda m'kati, likachuluka limayaka lokha n'kutentha denga. Ndipo musagone mutatseka mazenera onse moto ukufuka.

Nachisale: Zikomo. Zitsononkho zilipo, tangotonola chimanga. Paipiyo akwera mawa bambo a ana.