Kapu ya mgaiwa ndi magalamu angati? Ndithandizeni pa miyeso m'pulogalamu yowerengera michere

Chikondi_Zomba

Moni nonse. Ndikulemba kapulogalamu ka pafoni koti munthu akalemba zimene wathira mumphika, kamuuze mphamvu, zomanga thupi, ayironi ndi mchere zimene zili m'mbale imodzi. Ndikupangira amayi a kutchalitchi kwathu amene amaphunzitsa anzawo kuphika phala la ana, koma ndikufuna ophika makeke azikagwiritsanso ntchito.

Manambala a michere ndili nawo. Zakudya zakwathu ndikutenga mu Malawian Food Composition Table ya 2019, zina ku FoodData Central ya boma la America. Onsewa amawerengera pa magalamu 100, pomwe amayi aja amandilembera kuti "mgaiwa makapu awiri, nsinjiro masipuni atatu, tomato mulu umodzi, mafuta pang'ono". Mnzanga wina akuti ndingoika kuti kapu ndi 250, sipuni ndi 15, nkhani yatha. Ine mtima sukuvomera, chifukwa kapu ya mgaiwa ndi kapu ya shuga ukazinyamula m'manja sizilemera mofanana. Inu munachita bwanji?

Tiya_code

Achimwene, mtima wanuwo umvereni. 250 ameneyo ndi mamililita, ndiye kuti malo amene chinthu chadzaza, osati kulemera kwake. Ndi madzi okha amene mililita imodzi imalemera galamu imodzi. Mafuta ophikira ndi opepuka, pafupifupi magalamu 0.92 pa mililita, uchi ndi wolemera, pafupifupi 1.4. Pa ufa mpamene mungagwe kwambiri: kapu ya ku America ya ufa watirigu imalemera magalamu 125, ya shuga 200. Mukamati ufa uja ndi magalamu 250, keke yonse muiwerengera mphamvu za ufa kawiri.

Mu database, momwe pulogalamu imasungira zolembedwa, mzere uliwonse wa chosakaniza uzisunga zinthu zitatu: mawu monga momwe wophika anawalembera, nambala ndi muyeso wake, ndiponso magalamu amene mwapeza. Kuwerengetsera konse kuzichitika pa magalamu okha. Mawu a wophika musawafufute, chifukwa tsiku lina mudzakonza kulemera kwa sipuni ya nsinjiro ndipo mudzafuna kuti zakudya zonse zimene zili ndi nsinjiro ziwerengedwenso zokha. Tebulo losinthira lizigwira chosakaniza ndi muyeso limodzi, "kapu ya mgaiwa" mzere wake, "kapu ya mpunga" mzere wake. FoodData Central ili kale ndi kulemera kwa makapu ndi masipuni pa zakudya zambiri. Zikasowa, onani FAO/INFOODS Density Database ya 2012, tebulo losonyeza kulemera kwa zakudya pa mililita imodzi. Kudula manambala a pambuyo pa kadontho muzichita pomaliza penipeni, posonyeza munthu pafoni.

NaPhiri wa ku Joni

Ine sindidziwa za makompyuta, ndimaphika makeke ogulitsa kuno ku Johannesburg. Koma muwafunsenso anthu anuwo kuti kapu yake ndi yakuti. Kuno kapu yoyezera ndi mamililita 250, ku America ndi pafupifupi 237, ndipo pa mapaketi a zakudya a ku America komweko amalemba 240. Sipuni yaikulu ndi 15, koma ya ku Australia ndi 20. Anthu amatenga maphikidwe pa YouTube osadziwa kuti wophikayo ali dziko liti. Pali china chimene chimasokoneza, miyeso iwiri yolembedwa oz ndi fl oz. Yoyambayo ndi kulemera, magalamu 28.35, inayo ndi ya zamadzimadzi.

Komanso ufa womwewo, ukausefa n'kuuthira mopepuka m'kapu sulemera ngati woti wautunga m'thumba n'kuutsendera. N'chifukwa chake ine makapu ndinawasiya, ndimayeza pasikelo. Ophika makeke apatseni mwayi wolemba magalamu mwachindunji, ambiri tingakonde zimenezo.

Mayi Nachisale

Mwana wanga Chikondi, ndagwira ntchito ya kadyedwe kabwino ndi amayi a m'midzi kwa zaka zambiri, ndiye ndikuuzeko za kumphika. Zimene anzakowa anena n'zoona, koma kapu yoyezera ya m'sitolo kumudzi kulibe. Kuli kapu yapulasitiki yomwera tiyi, chikho, chipande, ndi dzanja. Makapu amenewa ena amaposa mamililita 300. Tebulo la ku America silingakuuze kulemera kwa chipande cha nsima kapena mtolo wa chisoso. Gula sikelo yaing'ono ya batire, upite tsiku limene amayiwo akuphika. Mayi aliyense atunge mgaiwa ndi kapu yake monga amachitira kunyumba, iwe uziyeza n'kumalemba. Udzaona kuti wina amasalaza ndi chala, wina amasiya ufa utachita mulu pamwamba. Miyeso iwiriyo uiike padera m'pulogalamu yako, yosalaza ndi yamulu.

Mulu wa tomato ndiye usaukhulupirire n'komwe. Tomato akachuluka pamsika mulu umanenepa, nthawi ya dzinja umaonda koma mtengo uli womwewo. Ndi bwino pulogalamu ifunse kuti tomato angati, aakulu kapena aang'ono.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kusakaniza chosaphika ndi chophika. Mpunga wosaphika uli ndi ma calorie (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 365 pa magalamu 100, wophika pafupifupi 130, chifukwa wamwa madzi. Ukalemba mgaiwa koma n'kusankha mzere wa nsima, kapena kutembenuza, manambala onse apita kutchire. Pa phala la mwana nkhaniyi ndi yaikulu. Amayi awiri atha kuthira ufa wofanana, wina n'kuphika phala lamadzimadzi, wina lolimbirako. Mwana mimba yake ndi yaing'ono, amadya kambale kamodzi komweko, ndiye wa phala lamadzimadzi uja wakhuta madzi. Pulogalamu yako iziwerengera michere kuchokera ku zosaphika, kenako ifunse kulemera kwa phala lonse litapsa ndi kulemera kwa zimene mwana wapatsidwa. Kungogawa mphika "kwa anthu anayi" sikutiuza zimene mwanayo wadya.

Usaiwalenso zotaya. Matebulo aja amanena za gawo lodyedwa lokha. Nthochi ukaiyeza ndi khoko lake, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lotaya. Chimodzimodzi chinangwa, maungu, ndi chambo cha minga yake.

Chikondi_Zomba

Zikomo kwambiri mayi, za kulemera kwa phala litapsa ndiziika lero lomwe. Nanga "mafuta pang'ono" ndi "mchere wokwanira"? Ndimaganiza zongozidumpha poti ndi tinthu tochepa.

Tiya_code

Ine ndikanaika nambala yongoyerekeza, monga sipuni yaing'ono imodzi, n'kuikapo chizindikiro choti ichi n'chongoganizira. Chofunika n'chakuti pulogalamu isaike ziro mwakachetechete. Munthu aziona kuti mzere wakutiwakuti sunawerengedwe bwino.

Mayi Nachisale

Pa chizindikirocho ndagwirizana nanu a Tiya, koma kuyerekeza kwa mafuta ndi mchere ayi. Mafuta ali ndi ma calorie 884 pa magalamu 100, sipuni yaikulu imodzi yokha ndi pafupifupi 120, ndipo m'phala la mwana sipuni imeneyo imasintha zambiri. Mchere sipuni yaing'ono ndi magalamu 6, pomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku. Wodwala BP akaona nambala yongopeka adzaikhulupirira. Pa ziwirizi pulogalamu ikane kupitirira mpaka wophika ayankhe. Amayi ambiri amagula mafuta a m'timapepala toyezera kale pamsika, ndiye funso lake n'losavuta: wathira kapepala konse kapena theka? Timapepalato ukatiyezenso pasikelo, Chikondi, ndipo ugule kwa ogulitsa angapo chifukwa samanga mofanana.