Funso: Tiwauze chiyani anthu amene chilala kapena madzi osefukira awawonongera zinthu?

Wofunsa: Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni. Anthu akataya minda ndi ziweto, mlaliki ayambire pati? Ena akuti ndi chilango, ena akuti dzikoli lidzapsa basi, tisadzivute. Ndikufuna mavesi ndi dongosolo la phunziro la masabata atatu.

Mkulu wa mpingo: Musayambire pa matemberero a Deuteronomo 28. Mukatero, mayi wamasiye amene mbuzi zake zakokoloka amatuluka akudzifunsa kuti wachimwanji. Pa Luka 13:4-5 Yesu ananenetsa kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera sanali ochimwa kuposa ena. Sabata loyamba likhale lolira. Werengani Yoweli 1:18-20, pamene ng'ombe zasowa msipu, mitsinje yaphwa, nyama zakuthengo zikulirira Mulungu. Kenako Aroma 8:19-23. Pa vesi 22 chilengedwe chikubuula ngati mayi pobereka, osati ngati munthu wotsirizika. Siyani mphindi 15 anthu atchule zimene ataya, musawadule pakamwa.

Mphunzitsi wa Baibulo: A "lidzapsa basi" amaima pa 2 Petro 3:10. Apitirize mpaka vesi 13, limene likunena za miyamba yatsopano ndi dziko latsopano. Sabata lachiwiri tengani Genesis 2:15: kulima ndi kusunga munda zinabwera uchimo usanalowe. Onjezani Levitiko 25:4, nthaka kupuma chaka chachisanu ndi chiwiri. Hoseya 4:1-3 samalani nayeni, akudzudzula mtundu wonse, osati wokhudzidwayo.

Mlangizi wa zamitengo: Sabata lachitatu gwirani ntchito. Yosefe anasungitsa gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola (Genesis 41:34). A ku Antiokeya anasonkha thandizo la njala, aliyense monga anathera (Machitidwe 11:29). Mukasankha kubzala mitengo, bzalani mvula ikakhazikika, dzenje la masentimita pafupifupi 45 kuya ndi kutambalala, dothi lapamwamba libwerere pansi, pulasitiki ya mbande muchotse. Mitengo yambiri imafa chilimwe choyamba chifukwa inali ya "mpingo wonse", wothirira panalibe. Banja lililonse lipatsidwe isanu, litchingire ziweto, muwerenge yamoyo chaka chikatha.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Nanga wina akandifunsa maso ndi maso kuti Mulungu waloleranji?

Mkulu wa mpingo: Musapeke yankho, mbale wanga. Pa Yobu 38 mpaka 41 Mulungu sanamuuze Yobu chifukwa chake. Anzake a Yobu anakhala naye chete masiku 7 (2:13), ndipo Mulungu anawadzudzula chifukwa cha zimene anayankhula pambuyo pake (42:7). Vomerani kuti simukudziwa, pempherani naye, mufunse chimene banja lake likusowa sabata ino.