Thandizeni maganizo, bandi ikufuna kuimba mumsewu

Abale anzanga ndithandizeniko nzeru apa. Mng'ono wanga amaimba gitala ya besi mu kabandi kena ka anthu 5 kuno ku Chilomoni, ankadyera pa bala ina Lachisanu ndi Loweruka koma chilengezereni boma mu Januwale 2021 muno, chifukwa cha mliri wa Covid-19, kuti mabala azitseka 8 koloko usiku komanso anthu asapose 50 pamalo amodzi, zonse zinaima, moti pano amplifaya yangokhala pakona mayi anayalapo kansalu nkuikapo wailesi, woimba ng'oma wayamba kugulitsa makala.

Ndiye taganiza zobwereka lole yaing'ono, tikwezepo jenereta ndi masipika awiri, anyamatawa aziimba masana tikuyenda pang'onopang'ono m'makwalala, anthu azionera ali pakhonde pawo. Mbale yoponyamo ndalama ayi, tilemba nambala ya Airtel Money ndi Mpamba pa chinsalu. Mwini bala uja akuti atibwereka jenereta bola timugawireko kangachepe, nayenso lendi yamukwana.

Funso langa ndi ili, chilolezo timakatenga ku khonsolo ya mzinda kapena kupolisi, kapena konse? Nanga ana akayamba kuthamangira lole, mukudziwa mmene amachitira akangomva ng'oma, nkupitirira 50, mlandu ukhala wa ndani, ife kapena? Chinanso, akamaimba nyimbo za eni ake mumsewu a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, zimawakhudza?

Amene munayesapo ku Ndirande kaya ku Lilongwe tiuzeni zoona, ndalama ya mafuta inabwerera? Sindikufuna tikongole dizilo kenako tizingoomberedwa m'manja basi.