Amuna anga akungogona chiwapititsireni kosamalira okalamba, ndiwachotseko?

Nachisale wa ku Katawa

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munadwazikapo munthu wa matenda oiwalaiwala, aja akuchipatala amati dementia. Amuna anga ali ndi zaka 74, anali aphunzitsi a pulayimale. Mu Epulo tinagwirizana ndi ana kuti akakhale kunyumba ina yosamalira okalamba konkuno ku Mzuzu, dzina sinditchula. Ankatuluka usiku. Tsiku lina anapezeka mbandakucha ku Chibavi atavala malaya okha, anthu atawazungulira, ena atayamba kale kunena za ufiti. Ine ndi BP yangayi komanso msana, kuwadzutsa kubafa sindinkathanso.

Poyamba zinali bwino. Koma pano ndikapita masana ndimawapeza ali mtulo pampando, mutu uli pachifuwa, dovu likutsikira pamalaya. Uyu ndi munthu amene sankakhazikika, ankangozungulira m'nyumba kufunafuna choko akuti ana akuwadikira m'kalasi. Aonda, moti lamba ndachita kuboola bowo lina. Lamlungu ndinapeza nsima ya usipa ili pambali itazizira, mtsikana wa pamenepo akuti "agogo akana". Abambowa usipa sakana. Amangofuna uwatemere mbamu, uwagwiritse m'manja, basi amadya okha. Ndi kuzizira kwa Juni kunoku anali opanda juzi, juzi yawo atavala agogo ena. Powasintha thewera ndinaona pamwamba pa matako khungu lada, lalimba, likutentha.

Mwini malo akuti matenda akungopita patsogolo. Kodi amathamanga chonchi? Mwana wathu wa ku Johannesburg, amene amalipira, akuti ndisayambane nawo chifukwa malo otere ndi osowa.

Bambo a Chisomo, Luwinga

Pepani mayi, koma ine ndinena mosapsatira. Mwamuna sasiyidwa m'manja mwa alendo mkazi ali moyo. Katengeni abambo, ndalama yomweyo mulembere mnyamata wokuthandizani pakhomo.

Namwino wopuma

Mayi Nachisale, matendawa amapitadi patsogolo koma mwapang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Munthu woyendayenda akasanduka wongogona m'masabata ochepa, ife timayamba tafufuza zina. Choyamba mankhwala. Pali osamalira ena amene wodwala akamavuta usiku amamupatsa mankhwala ogonetsa monga diazepam kapena chlorpromazine kuti onse agone. Kwa wokalamba mankhwala amenewa amakhalitsa m'thupi, amadzuka nawo, kudya kumalephereka, kumeza kumavuta, akaimirira amagwa. Sindikunena kuti ndi zimene zikuchitika, koma funsani buku lawo la kuchipatala, muone zimene dokotala analemba, kenako muuze kuti akuonetseni mapaketi enieniwo a mankhwala amene akumwa. Ziwirizi zifanane.

Zina zimene zimagonetsa okalamba otere ndi matenda a m'chikhodzodzo, malungo, chibayo, kusowa madzi m'thupi ndi kudzimbidwa. Iwo sanena kuti pakupweteka ndi apa, ndipo nthawi zina thupi silitentha n'komwe. Nyengo yozizira ino madzi samwa ngati palibe wowakumbutsa. Onani mkodzo pathewera, ukakhala wochepa, wakuda ndi wonunkha kwambiri, nkhani ndi imeneyo.

Khungu mwanenalo ndi limene landidetsa nkhawa kuposa zonse. Ndi chiyambi cha chilonda chobwera chifukwa chokhalira mbali imodzi nthawi yaitali. Pakhungu lathu lakudali sipafiira ngati mmene mabuku amanenera, pamangoda, kulimba ndi kutentha, ndiye anthu amazindikira patabooka kale. Pamenepo asapatikite. Azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, thewera lisakhalitse lonyowa, ndipo muonenso zidendene ndi m'mbali mwa chiuno. Podya akhale tsonga. Akamatsamwa kapena kukhosomola ndi nsima, yambani phala la Likuni lolimbirako, pang'onopang'ono ndi supuni.

Musadikire tsiku lawo lokaonana ndi dokotala. Apititseni sabata ino kuchipatala cha St John of God kapena cha Mzuzu Central akawaone thupi lonse.

Mlongo wa ku Mchengautuba

Bambo a Chisomo, munasambitsapo munthu wamkulu amene akukumenyani chifukwa sakukudziwani? Ine ndinadwazika apongozi anga matenda omwewa, ndipo mnyamata wantchito mukunenayo anathawa mwezi usanathe. Mayiwa sanataye amuna awo. Zimene zikanachitika ku Chibavi kuja tonse tikuzidziwa, agogo angati aphedwa m'dziko muno powanamizira ufiti? Chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti.

Mayi, inu mukupita nthawi imodzimodzi, ndiye akudziwani. Tulukirani m'mawa kwambiri nthawi yosambitsa, tsiku lina madzulo nthawi ya chakudya. Werengani ogwira ntchito alipo angati pa okalamba angati, makamaka usiku. Mukapeza mtsikana mmodzi akuphika, kuchapa ndi kudyetsa anthu onsewo, dziwani kuti "agogo akana" tanthauzo lake nthawi inalibe. Mtsikanayo musamukalipire, mwina nayenso malipiro sakuwaona bwino, ndipo ndi yemweyo angakuuzeni zoona. Zovala zonse sokanipo dzina ndi ulusi, inki imachoka. Chilondacho chijambuleni pafoni lero, mudzajambulenso pakapita masiku, mumutumizire wa ku Johannesburg aone chimene ndalama yake ikugula.

Mwini malo akapitiriza kukuzembani, pitani ku ofesi ya Social Welfare. Lamulo loteteza okalamba linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2024, ndipo a MANEPO, bungwe loona za ufulu wa okalamba, amalondola nkhani zotere.

Nachisale wa ku Katawa

Zikomo nonse, ndi inu bambo a Chisomo ndamva. Ndinalawirira lero m'mawa. Mtsikana uja ndinamutengera mandasi, tinakhala kukhitchini, anandinong'oneza kuti abambo amapatsidwa kapiritsi madzulo ndi theka lina m'mawa, kuyambira pamene anathyola loko wa chitseko mu Meyi. M'buku mulibe. Paketi ndaitenga, yalembedwa diazepam. Ndauza ogwira ntchito kuti kuyambira lero asawapatsenso. Mawa ndikupita nawo ku St John of God, mlamu wanga wapeza galimoto. Za kuwachotsa ndiona ndikamva kwa dokotala, chifukwa kunyumba mpanda ndi uja wa maluwa, geti kulibe.

Namwino wopuma

Mayi, imbani foni pompano mubweze mawu amenewo. Munthu amene wamwa diazepam tsiku ndi tsiku kwa masabata sasiyitsidwa kamodzin'kamodzi, akhoza kunjenjemera, kubalalika kwambiri ngakhale kukomoka. Usiku uno amwe monga amamwera, wa m'mawa uja dokotala ndiye akanene. Paketiyo mupite nayo pamodzi ndi buku, ndipo mukawauze adokotala tsiku limene anayamba kumwa. Tengani matewera awiri, bulangete ndi botolo la madzi, mzere umatalika.