Ndani akudziwa bwino mbiri ya Little 500 ya ku Anderson?

Abale okonda mipikisano ya magalimoto, ndithandizeni. Ndikusonkhanitsa mbiri ya Little 500, mpikisano wa magalimoto a matayala osaphimba umene umachitika pa bwalo la Anderson Speedway ku Indiana, m'dziko la America, kuyambira 1949. Bwalolo ndi lalifupi kwabasi, kotala ya mailo, koma amapanikizamo magalimoto 33 n'kuzungulira ka 500, Loweruka usiku, mawa lake kuli mpikisano waukulu wa Indianapolis 500. Kwa ine wokoma ndi umenewu, ngakhale wotchuka ndi winayo.

Poyamba bwaloli linkatchedwa Sun Valley Speedway, ndipo ankathamangitsapo ma roadster, magalimoto opanda denga. Kodi ma sprint car, magalimoto aang'ono koma amphamvu othamangira pa mabwalo aafupi, analowa liti m'malo mwake, ndipo chinachititsa n'chiyani? Komanso amene ali ndi zithunzi kapena timabuku ta ndondomeko ya mpikisanowu ta zaka za m'ma 1950, chonde ndigawireniko. Za Eric Gordon, amene anapambana ka 9, ndili nazo kale.