Bwana wamkulu wa njanji amagamula chiyani, nanga njanji yathu ya m'Chigwa cha Shire imafera pati?

Mwana wa ku Tengani:
Akuluakulu, ndithandizeni. Sitima inafikanso pa Marka, pa malire a Nsanje ndi Mozambique, mu 2024 itanyamula mafuta kuchokera ku Beira, koma sipitirira mpaka ku Limbe. Anthu amati vuto ndi mabwana a njanji. Kodi munthu woyendetsa kampani ya njanji amagamula chiyani kwenikweni? Ndani anayambitsa njanji ya kuno? Ndipo wachinyamata wofuna kudzafika pa mpando umenewo ayambire pati?

Wa ku Chiromo:
Achimwene, yambani ndi Eugene Sharrer. Anali wamalonda wochokera ku Germany amene anakhazikika ku Blantyre, n'kukhala ndi masitolo, minda ikuluikulu ndi sitima za pamadzi pa Zambezi ndi Shire. Mu 1895 anakhazikitsa Shire Highlands Railway Company, chifukwa katundu wochokera kumtunda ankatsika pamitu ya amtengatenga kudzafika kumtsinje. Iye sanali injiniya. Ntchito yake inali kusaka ndalama ku London ndi kukambirana ndi boma la atsamunda, lomwe linalonjeza kampaniyo malo aakulu ngati mbali ya malipiro.

Poyamba ankaona kuti njanji ikangofika pa Chiromo basi, sitima za pamadzi zizilandira katundu. Koma madzi a Shire anayamba kuchepa, sitima n'kumatitimira mumchenga. Anaitalikitsa mpaka ku Port Herald, Nsanje ya lero, ndipo mu 1908 sitima inayamba kuyenda kuchokera kumeneko kufika ku Blantyre. Madzi anaphwerabe, njanji n'kuipititsanso ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi.

Wachiwiri ndi Libert Oury, wobadwira ku Belgium, amene anali ndi dzanja pa doko la Beira. Ndiye anakankha Trans-Zambezia Railway, yomwe inatsegulidwa mu 1922 kuchokera mbali ya Beira kufika pa Zambezi. Katundu ankatsitsidwa, kuwolotsedwa pamadzi, n'kupakiridwanso tsidya lina, mpaka mu 1935 pamene anatsegula mlatho wa Dona Ana, wautali pafupifupi makilomita 3.7. Doko la Beira linapindula, koma ngongole zinalemera pa boma la Nyasaland, ndipo mitengo yonyamulira katundu inakhala yokwera kwa alimi a thonje ndi fodya. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene muyenera kumuyezera bwana wa njanji: wasainira ngongole yanji, ndipo adzaibweza ndi katundu wa ndani.

Injiniya wa ku Bangula:
Zimene anena akuluwa n'zoona, koma ndiwonjeze za pansi, chifukwa kuno mdani wamkulu ndi madzi. Mlatho wa pa Chiromo unagwetsedwa mu 1948 ndi chiunjikano cha udzu woyandama chomwe chinakanirira pa zipilala zake. Mu 1997 madzi anadula njira pakati pa Bangula ndi Chiromo, pa Mtayamoyo. Mu 2015 mtsinje wa Ruo unasefukira n'kuwononga mbali ya Makhanga. Onjezani nkhondo ya ku Mozambique, imene inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, mlatho wa Dona Ana n'kuphulitsidwa.

Njanji yathu ndi yotalikirana mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri. Pa kilomita imodzi pamalowa masilipa (mitanda yogonekapo zitsulozo) pafupifupi 1,500, ndipo pansi pake payenera kukhala miyala ya kwale yokhuthala masentimita 25 mpaka 30. Miyalayo imagawa kulemera kwa sitima komanso kulola madzi kudutsa. Matope akalowa pakati pake, silipa imayamba kumira n'kumatulutsa thope nthawi iliyonse bogi ikaponda, njanji n'kupendekeka. Dothi la makande limawonjezera vuto: limafufuma mvula ikagwa, n'kung'aluka m'chilimwe. Simungamange chitunda cha njanji ndi dothi limenelo, muyenera kulichotsa n'kubweretsa gelevulo, n'kumatsendera pang'onopang'ono.

Cholakwika chachikulu chimakhala pa makalavati. Njanji ya Marka mpaka Bangula, makilomita 72, imadutsa m'munsi mwa mapiri, ndiye mitsinje yonse yotsika kumapiriko kupita ku Shire iyenera kudutsa pansi pake. Mitsinjeyi imauma miyezi yambiri, koma ikadzaza imabwera ndi mchenga ndi mitengo. Kalavati ikachepa kapena ikatsekeka, chitundacho chimasanduka damu, madzi amakwera n'kudumpha pamwamba, n'kuyamba kukokolola kuchokera mbali yakumunsi. M'mawa mumapeza zitsulo zikulendewera m'malere. Choncho ngalande ndi makalavati azifukulidwa chaka chilichonse isanafike Novembala, ndipo pakamwa pa kalavati paziikidwa miyala yomangidwa m'mawaya.

Kutentha nakonso. Mu Okutobala kuno kumapyola madigiri 40, ndipo chitsulo chimatentha kuposa pamenepo. Chikasowa potambasukira chimapindika cham'mbali. N'chifukwa chake pa zitsulo zolumikiza ndi mabawuti amasiya kampata, ndipo zowotcherera amazimanga pa kutentha koyezedwa. Masana otentha kwambiri liwiro amalitsitsa.

Bwana wamkulu sagwira fosholo, koma ndiye amavomereza bajeti ya zonsezi. Ndalama zikachepa, zoyamba kudulidwa zimakhala za ngalande chifukwa sizioneka, ndipo ndi kumene njanji imafera.

Mayi wa ku Nchalo:
Ine ndiyankhe za katundu. Njanji imadya ndalama ngakhale sitima isadutse, choncho bwana amayamba wawerenga matani. Nambala yofunika ndi kulemera kumene ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza mawilo awiri) ikuloledwa kusenza. Bogi ili ndi maekiselo anayi. Njanji ikalola matani 15 pa ekiselo, bogi yonse isapyole matani 60. Ikalola 20, ndi matani 80. Chotsanipo kulemera kwa bogi yopanda kanthu, pafupifupi matani 20, muona kuti katundu akuchoka pa 40 kufika pa 60 ndi dalaivala yemweyo. Koma mlatho umodzi wofooka umatsitsa malire a njira yonse.

China ndi katundu wobwerera. Sitima ikabwera ndi mafuta ndi feteleza, ibwerere ndi shuga wa ku Nchalo, thonje, nandolo kapena tiyi wa ku Thyolo. Matanki a mafuta sanganyamule shuga, ndiye pafunika mabogi ena. Ndipo malinga ngati pa Chiromo sipanalumikizidwe, katundu wa ku Limbe ayenera kutsitsidwa n'kukwezedwa pa mathiraki, zomwe zimadya phindu lija.

Dziwaninso, mwanawe, kuti mabwana alipo awiri. Njanji ndi ya boma, pansi pa Unduna wa Zamtengatenga, pamene Central East African Railways inapatsidwa mgwirizano woyendetsa sitima mu 1999. Kampani imathira ndalama kumene kuli matani, ndipo matani ambiri ali pa njira ya malasha ochokera ku Moatize kupita ku Nacala kudzera pa Nkaya. Kumanganso mbali ya kuno kukudalira boma.

Mwana wa ku Tengani:
Zikomo kwambiri mayi ndi akuluakulu nonse. Nanga wachinyamata uja ayambire pati pa za sukulu?

Injiniya wa ku Bangula:
Masamu ndi fizikisi zikhoze bwino pa MSCE. Kenako uinjiniya wa zomangamanga kapena wa makina ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, apo ayi maphunziro a zowerengera ndalama kapena kayendetsedwe ka katundu. Mukalembedwa ntchito, musathamangire ofesi ya ku Limbe. Pemphani zaka zingapo pa gulu loyendera njanji, muphunzire kuyeza kutalikirana kwa zitsulo ndi kuzindikira silipa yomira. Kenako mukhale kumene amalondolera sitima, mudziwe mmene amaperekera chilolezo kuti sitima ziwiri zisakumane pa njanji imodzi. Mukatero mulowe ku malonda, muphunzire kuwerenga mgwirizano wa katundu ndi wa ngongole. Chipwitikizi chiphunzireninso, chifukwa sitima iliyonse yodutsa pa Marka muyenera kuikambirana ndi a CFM, kampani ya njanji ya ku Mozambique.