Kodi mtsogoleri aliyense amaikidwa ndi Mulungu?

Nachisale_Ntcheu:
Abale ndithandizeni. Ku mlaga dzulo tinawerenga Aroma 13 pomwe Paulo akunena kuti palibe ulamuliro wosachokera kwa Mulungu, ndipo wokana olamulira akukana zomwe Mulungu anaika. Ine zandisowetsa mtendere. Ndiye mtsogoleri woba ndalama za mankhwala, amayi oyembekezera nkumagona pansi pa simenti kuchipatala, nayenso tizinena kuti anaikidwa ndi Mulungu? Nanga timalawiriranji mbandakucha kukaima pamzere wovota ngati zonse zinakonzedwa kale?

Mkulu_Wampingo:
Amayi, funso lanuli ndi lolemera. Dziwani kuti Paulo akulemba kalatayi pampando ku Roma panali Nero, yemwe uja pambuyo pake anazunza Akhristu koopsa, ndiye samatanthauza kuti mfumu iliyonse ndi yabwino ayi. Pitirizani mpaka vesi 4, wolamulira akutchedwa mtumiki wa Mulungu woti azikuchitirani zabwino. Mtumikitu amakayankha kwa mwini ntchito. Taonani Nebukadinezara pa Danieli 4, akuyenda pamwamba pa nyumba yake yachifumu nkumadzitama kuti Babulo wamkuluyu ndamanga ndine, mawu asanathe mkamwa ufumu unamuchokera, anakadya udzu ngati ng'ombe, mame akumunyowetsa, zikhadabo zake kukula ngati za mbalame, mpaka anavomera yekha kuti Wam'mwambamwamba ndiye amalamulira maufumu a anthu.

Chiso_wa_ku_Zomba:
Akulu ampingo ndagwirizana nanu koma ndionjezepo, chifukwa vesi imeneyi andale amaikonda nthawi ya kampeni, amafuna tikhale chete basi. Pa Hoseya 8:4 Mulungu mwini akudandaula kuti Aisraeli analonga mafumu koma osachokera kwa Iye. Kulola ndi kukondwera nazo nzosiyana. Azamba aja Sifra ndi Puwa anakana lamulo la Farao lopha ana aamuna ndipo Mulungu anawachitira zabwino. Petro naye anauza akuluakulu pamaso kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Kuno kwathu komwe, pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, nthawi imeneyo kutsutsa boma la Kamuzu kumalowetsa munthu m'ndende, koma anayankhula za anthu omangidwa popanda mlandu ndi za umphawi. Chaka chotsatira kunachitika referendamu, 1994 tinavota zipani zambiri. Ine sindingavomere kuti maepiskopi aja anachimwira Aroma 13.

Bambo_a_Tada_Joni:
Achemwali zovotazo musasiye chonde. Mulungu amagwira ntchito kudzera mwa anthu, ngakhale osamudziwa. Koresi mfumu ya Perisiya sanali Myuda koma pa Yesaya 45 akutchedwa wodzozedwa, ndipo ndi amene analola Ayuda kubwerera kukamanga kachisi ku Yerusalemu. Ngati anagwiritsa ntchito Koresi ndiye chala chanu cha inki angalephere nacho bwanji?

Nachisale_Ntcheu:
Zikomo nonse, za Hoseyazo ndikaziwerenga ku mlaga sabata yamawa. Koma chimodzi chikundipwetekabe. Ana amene amafa Farao asanamire m'nyanja muja, amayi awo tikanawauza chiyani?

Mkulu_Wampingo:
Pamenepo amayi ndilibe yankho lachidule. Habakuku naye anafuula kuti mpaka liti Yehova, ndipo Mulungu sanamukalipire chifukwa chofunsa. Ku mlagako mukawerengenso chaputala choyamba chonse cha Habakuku, kenako mudzatiuze zomwe anzanu anena.